Lipenga la Novembala: Asilikali Akale ndi Moyo wa M'kampu

Ndege ikamadutsa m'mwamba mwa Chamama, ana amasiya masewera awo nayamba kuloza kumwamba, pomwe alimi amene ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya amangoweramuka pang'ono nabwereranso ku ntchito yawo. Koma m'midzi ya dera lino la kum'mawa kwa boma la Kasungu, monganso m'midzi ina yambiri ya m'Malawi, mudali nkhalamba zina zimene zinkamva mkokomo wa ndege ndi khutu lina. Kwa izo mkokomowo unkakumbutsa nkhalango za ku Burma, kumene chakudya, mankhwala ndi makalata zinkagwa kuchokera kumwamba. Lero nkhalamba zimenezo zatsala zowerengeka m'dziko lonse lino, ndipo malo awo akutengedwa ndi asilikali opuma a m'badwo wa ufulu, ena mwa iwo amene adagwira ntchito yokonza ndi kuyendetsa ndege za gulu lathu lankhondo.

Munthu amene adakhalapo pafupi ndi asilikali akale akamacheza amadziwa chinthu chimodzi chodabwitsa. Iwo sakamba kwambiri za kuwombera kapena kupha adani, chifukwa zimenezo ambiri safuna n'kuzikumbuka komwe. Chimene chimawasekesa ndi kuwaliza ndi moyo wa m'kampu: lipenga la m'bandakucha, ukali wa sajeni, kuchepa kwa phoso, ndi mnzawo wa mtundu wina amene ankagawana naye bulangete. N'chifukwa chake mwezi wa Novembala ukamayandikira amayamba kufunana kuti akakumane pa mwambo wokumbukira anzawo amene adatisiya. M'nkhani ino tiona kumene moyo wa m'kampuwo udachokera, m'mene udasinthira kufikira nthawi ya ndege, ndiponso chifukwa chake kukumana kwa anthu amenewa kuli nkhokwe ya mbiri ya dziko lathu.

Chiyambi cha usilikali wa m'kampu

Makolo athu ankadziwa nkhondo kuyambira kale, koma usilikali wovala yunifolomu, wolandira malipiro ndi wogona m'kampu udabwera ndi atsamunda. Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, Harry Johnston adaitanitsa asilikali a mtundu wa Sikh kuchokera ku India, ndipo pambali pa iwo adayamba kulemba anthu akuno, makamaka Atonga ndi Ayao. Ndi gulu limeneli Angerezi adagonjetsa mafumu amene ankakana ulamuliro wawo. Anthu a ku Kasungu adalawa mphamvu ya gululi kumapeto kwa chaka cha 1895, pamene lidathira nkhondo Mwase Chibisa. Palibe amene akadaganiza panthawiyo kuti zidzukulu za anthu ogonjetsedwawo zidzavala yunifolomu ya gulu lomwelo.

M'chaka cha 1902 magulu ankhondo a Angerezi a m'chigawo chino cha Africa adawaphatikiza pansi pa dzina limodzi la King's African Rifles, mwachidule KAR. Magulu awiri oyamba adali a kuno kwathu, ndipo likulu lawo lidali ku Zomba. Kampu ya ku Zomba pambuyo pake idapatsidwa dzina la Alexander Cobbe, mkulu wa asilikali amene adatsogolera anyamata akuno ku nkhondo ya ku Somaliland m'chaka chomwecho cha 1902. Chiyankhulo cholamulira m'magulu amenewa chidali Chinyanja, kotero kuti Mtonga wa ku Nkhata Bay, Myao wa ku Mangochi, Mlomwe wa ku Mulanje ndi Mchewa wa ku Kasungu ankamvana pa chiyankhulo chimodzi. Motero kampu idali amodzi mwa malo oyamba kumene anthu a mitundu yosiyana adayamba kudziona ngati ana a dziko limodzi.

Nkhondo ya Chiwaya

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idafika kuno msanga chifukwa dziko la Tanganyika, limene tidachita nalo malire kumpoto, lidali m'manja mwa Ajeremani. Pa 9 Seputembala 1914 kudamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo mwazi wa anthu akuno udakhetsedwa pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya. Zimenezi zidamupweteka mtima John Chilembwe, amene adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka akufera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake. Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 1915, iye adaukira boma, ndipo asilikali a KAR adali m'gulu la amene adatumidwa kukathetsa kuukirako. Apa tikuona kuti mbiri ya msilikali wa nthawi ya atsamunda ili ndi mbali zake zowawa, pakuti mfuti imene adapatsidwa nthawi zina inkaloza abale ake omwe.

Makolo athu adaitcha nkhondoyi kuti ya Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo zambirimbiri nthawi imodzi, imene kulira kwake kunkafanana ndi kuthetheka kwa chimanga chokazinga. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino adamenya nawo nkhondoyi ngati asilikali, pomwe ena pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zida pamutu m'mapiri ndi m'madambo. Ambiri mwa amtengatengawo adachita kugwidwa mokakamiza kudzera mwa mafumu, ndipo ochuluka adafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Ku Ulaya mfuti zidaleka kulira pa 11 Novembala 1918 nthawi ya 11 koloko m'mawa, koma mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adakatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia. Obwerera kumudzi adapezanso tsoka lina, pakuti mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919 udasesa anthu m'midzi yambiri.

Nkhondoyi idatisiyira zikumbutso ziwiri zosiyana. Choyamba ndi nsanja ya njerwa imene boma lidamanga ku Zomba m'zaka za m'ma 1920, pafupi ndi kampu ya Cobbe. Chachiwiri adachimanga ndi anthu wamba, ndipo si cha njerwa ayi koma cha ng'oma ndi mapazi. Obwera kunkhondo adatengera kumudzi kaguba ka pelete, kulira kwa lipenga ndi maudindo a m'kampu, nazisandutsa magule. Kumpoto ndi m'mbali mwa nyanja kudafala malipenga, kwa Ayao kudafala beni, ndipo ku Kasungu, ku Dowa, ku Ntchisi ndi madera oyandikana nawo kudakhazikika mganda. Mukaona anyamata a mganda atandandalika m'mizere, atavala zoyera ndi masokosi aatali, akuimba badza ndi kumvera wenzulo ya mtsogoleri wawo, dziwani kuti mukuona moyo wa m'kampu monga adausimbira agogo athu. Iwo sadalembe mabuku, koma adalemba mbiri yawo pabwalo la gule.

Kuchokera ku Kasungu mpaka ku Burma

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka m'chaka cha 1939, lipenga lidaliranso, ndipo pofika 1945 amuna oposa 25,000 a dziko lino adali atavala yunifolomu. Zifukwa zolowera usilikali zidali zambiri. Ena ankathawa msonkho, ena ankafuna ndalama zoti adzayambire banja, ena adatumizidwa ndi mafumu amene boma linkawapanikiza kuti apereke anyamata, ndipo ena adakopeka ndi nthano za amalume awo a nkhondo ya Chiwaya. Kwa mnyamata wa ku Kasungu, dera limene amuna ambiri ankapita kale ku migodi ndi ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku South Africa, usilikali udali ulendo winanso wokasaka chuma kutali.

M'chaka cha 1940 asilikali akuno adalimbana ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndiponso ku Tug Argan m'dziko la Somaliland. Dzina la kampu ya Moyale ku Mzuzu limakumbutsa nkhondo imeneyo. M'chaka cha 1942 ena adatumizidwa ku chilumba cha Madagascar, ndipo pambuyo pake ambiri adakwera sitima zapamadzi kuwoloka nyanja ya India kupita ku Ceylon, dziko limene lero likutchedwa Sri Lanka, kukaphunzira kumenya nkhondo m'nkhalango. Taganizani mnyamata amene mtsinje waukulu umene adaudziwa udali Bua kapena Dwangwa, akuyenda masiku ambiri pamadzi osaona mtunda!

Ku Burma ndiko kumene msilikali wa dziko lino adadziwana kwenikweni ndi ndege. M'chaka cha 1944 gulu lalikulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa, momwe mudalinso magulu akuno, lidalamulidwa kuthamangitsa Ajapani kudzera m'chigwa cha Kabaw, nthawi ya mvula yamvumbi. Misewu idasanduka matope moti magalimoto ankatitimira, ndipo malungo, misundu ndi matenda ena zinkagwetsa anthu kuposa zipolopolo. M'malo otero chakudya sichikadafika pamutu pa mtengatenga monga zidaliri m'nkhondo ya Chiwaya. M'malo mwake asilikali ankalambula malo pakati pa nkhalango naika zizindikiro, ndipo ndege za mtundu wa Dakota zinkabwera chapansipansi ndi kuponya katundu. Zina zinkatsika pang'onopang'ono pa maparachuti, pomwe matumba ena ankangoponyedwa osamangirira kanthu, kotero kuti munthu wosasamala akadatha kufa ndi thumba la mpunga umene ankauyembekezera. Mitambo ikatseka kumwamba, ndege sizinkabwera, ndipo phoso linkadulidwa. Tindege ting'onoting'ono tinkanyamulanso ovulala kupita nawo kuchipatala. Pofika Disembala 1944 gululi lidafika ku Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. Ichi ndicho chifukwa chake nkhalamba ya ku Burma inkati ikamva ndege, inkakumbuka njala ndi chipulumutso nthawi imodzi.

Tsiku la msilikali

Ngakhale mabuku a mbiri amatchula kwambiri masiku a nkhondo, masiku ochuluka a msilikali ankathera m'kampu. Tsiku linkayamba ndi lipenga kusanache. Kenaka pankabwera kuthamanga, kuguba pa pelete, kupukuta mfuti ndi kuyendera kwa akuluakulu, amene ankatha kulanga munthu chifukwa cha batani limodzi losamanga bwino. Ambiri adavala jombo koyamba ku usilikali, ndipo matuza a m'mapazi ndi nkhani imene nkhalamba zinkaisimba zikuseka. Phoso lidali ufa, nyemba, mchere ndi nyama, koma ku Asia nthawi zambiri ankalandira mpunga, ndipo Mchewa wozolowera nsima ankadandaula kuti wagona ndi njala ngakhale atadya mbale yodzaza. Madzulo kunkakhala mpira, nyimbo zakumudzi ndi kulemba makalata. Amene sankadziwa kulemba ankapempha mnzake, motero zinsinsi za banja zinkadziwika kwa munthu wa mtundu wina amene tsopano adali ngati mbale.

Kampu idalinso sukulu. Ambiri adaphunzirako kuwerenga, kuyendetsa malole, kukonza injini, kutumiza mauthenga pa wailesi ndi kusamalira odwala, ndipo maluso amenewa adabwera nawo kumudzi. Komatu kampu yomweyo idawaphunzitsanso za tsankho. Msilikali wakuda, kaya akhale wanzeru chotani, sankaloledwa kulamulira mzungu. Chilango cha chikoti chinkaperekedwa kwa asilikali akuda kufikira nkhondo yachiwiri itatha. Ngakhale ndalama zothokozera zimene ankalandira potuluka usilikali zidali zosiyana potengera khungu: msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene adagwira ntchito, pomwe wakuda wa udindo womwewo ankawerengeredwa masheleni atatu ndi theka. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma malipiro ankasankha. Amuna amene adaona azungu akuopa, akulira ndi kufa monga anthu ena onse adabwerera kwawo ndi mafunso amene boma la atsamunda silikadatha kuwayankha.

Mapiko a dziko la ufulu

Nkhondo yachiwiri itatha, asilikali akuno adatumizidwanso ku Malaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Panthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndege zankhondo zidali m'manja mwa boma la ku Salisbury, ndipo anthu akuno adaziona ngati chida chowaopsezera. M'chaka cha 1959 ndege zidatuta asilikali kuchokera ku Rhodesia kudzathetsa zipolowe, ndipo pa 3 Malichi chaka chomwecho Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu konkuno, adamangidwa natengedwa pa ndege kupita kundende ya ku Gwelo.

Dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, gulu loyamba la KAR lidasanduka Malawi Rifles, ndipo m'chaka cha 1972 Graciano Matewere adakhala Mmalawi woyamba kulamulira asilikali onse a dziko lino. Nthambi ya ndege idakhazikitsidwa m'chaka cha 1976 ndi thandizo la dziko la West Germany, limene lidapereka ndege za mtundu wa Dornier. Pambuyo pake padabweranso mahelikopita opangidwa ku France, monga a mtundu wa Puma. Mabwalo a nthambiyi ali ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndipo lero imadziwika ndi dzina lakuti Malawi Air Force. Zidzukulu za anthu amene ankangodikira thumba la mpunga kuchokera kumwamba tsopano zidayamba kukhala pa mpando woyendetsera ndege.

Moyo wa pabwalo la ndege uli ndi mwambo wakewake. Anthu akunja amangoona woyendetsa ndege, koma kumbuyo kwake kuli amakanika oyendera injini ndi mapiko, othira mafuta, oona zanyengo, olankhula ndi ndege pa wailesi, ozimitsa moto ndi alonda. Ndege isananyamuke, chilichonse chimayenderedwa motsatira ndondomeko yolembedwa, ndipo amene wakonza amasayina dzina lake, podziwa kuti moyo wa anzake uli pa nati imene iye wamanga. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga umaoneka bwino pamalo otere. N'chifukwa chake opuma a nthambiyi akakumana, woyendetsa ndege amalemekeza makanika wake ngati munthu amene adamusungira moyo zaka zambiri.

Ntchito yaikulu ya ndege zathu sidakhale yoponya mabomba ayi, koma yonyamula asilikali, odwala, atsogoleri ndi thandizo. Kuyambira m'chaka cha 1987 asilikali a Malawi adakhala zaka zingapo ku Mozambique akuteteza njanji ya ku Nacala panthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo. M'chaka cha 2000, madzi osefukira atamiza midzi ya ku Mozambique komweko, mahelikopita a Malawi adali m'gulu la ndege zimene zidapulumutsa anthu. Koma ntchito ya m'mlengalenga ili ndi zoopsa zake ngakhale nthawi ya mtendere. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, imene inkachokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, idagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa. Anthu onse asanu ndi anayi amene adali m'ndegemo adamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima. Atatu mwa omwalirawo adali asilikali ogwira ntchito m'ndegeyo, mmodzi mwa iwo mayi. Dziko lonse lidalira, koma amene adagwirapo ntchito pabwalo la ndege adalira ngati ofedwa a m'nyumba.

Kukonzekera kukumana

Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, dziko lathu limakumbukira asilikali amene adafa pa nkhondo. Mwambowu umachitika pa nsanja zachikumbutso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Anthu amavala duwa lofiira la popi pachifuwa, atsogoleri amaika nkhata za maluwa, lipenga limalira, ndipo nthawi ya 11 koloko onse amakhala chete kwa mphindi ziwiri. Bungwe loona za asilikali akale, limene limadziwika ndi dzina lakuti VELOM, limagulitsa maluwa a popi pofuna kupeza thandizo la nkhalamba zimenezi, ndipo ku Zomba kuli nyumba zimene zidamangidwa kuti zizisunga asilikali okalamba osowa owasamala.

Kwa munthu wa m'tauni kupita ku mwambo wotere ndi chinthu chapafupi, koma kwa msilikali wopuma amene adabwerera kukalima ku Chamama ndi nkhani yofuna kuikonzekera. Novembala ndi mwezi wovuta kwa mlimi wa fodya. Ndalama za ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo zimakhala zitatha kapena zitasungidwira feteleza, mbande za ku nazale zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo mvula yoyamba ikagwa aliyense amathamangira kukawokera. Kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130, osawerengera mtunda wochokera kumudzi kukafika pa bomapo. Tsono amene akufuna kupita ayenera kupeza womusiyira nazale, ndalama yokwerera galimoto ndi malo ogona. Kale ankaitanizana ndi makalata kapena uthenga wa pa wailesi, pomwe lero amaimbirana foni, koma mafunso ake ndi omwe aja: ndani ali ndi mphamvu zoyenda, ndani akudwala, ndani asonkhe zingati, ndipo ndani watisiya chichokereni Novembala wathayu.

Funso lomalizali ndilo limapatsa kulemera kukumana kwawo. Jekete imachapidwa, mamendulo amapukutidwa mpaka kung'anima, ndipo nkhalamba yoyenda ndi ndodo imayesetsa kuongoka lipenga likalira. Akakumana saitanana maina wamba, koma a Sajeni, a Kopolo kapena a Kaputeni, ngakhale padutsa zaka makumi angapo chivulireni yunifolomu. Mwambo wa boma ukatha ndi pamene mwambo wawo umayamba, atakhala pamthunzi, akukumbutsana za ophika amene ankapsereza nyemba, za tsiku limene wina adagona pa ulonda, ndi za mnzawo amene adatsala m'manda a kudziko lachilendo. Wina akaiwala dzina la malo, mnzake amamukumbutsa, ndipo wina akawonjezera nkhani, anzake amamudzudzula akuseka. Motero mbiri imasefedwa ndi kusungidwa ndi eni ake. Koma chaka chilichonse mzere wawo ukufupika, ndipo munthu amene adali ndi zaka 18 m'chaka cha 1944 lero ali pafupi zaka 100 ngati akadali moyo.

Udindo wa ophunzira

Wina angafunse kuti, kodi si zokwanira kuti mbiri imeneyi idalembedwa kale m'mabuku ndi pa zipilala? Yankho lake ndi lakuti ayi. M'chaka cha 2021 bungwe losamalira manda a asilikali a maiko a Commonwealth lidavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000 amene adafa m'nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a ku Africa, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga adachitira ndi azungu, ndipo mwina ena sadakumbukiridwe n'komwe. Pakati pa oiwalikawo pali amtengatenga a m'midzi yathu. Zambiri zimene tikudziwa lero za m'mene makolo athu adaionera nkhondo ya Chiwaya zidapulumuka chifukwa chakuti m'zaka za m'ma 1970 katswiri wa mbiri, Melvin Page, pamodzi ndi omuthandiza a kuno kwathu, adayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zisanamwalire, ndipo pambuyo pake adalemba buku lotchedwa The Chiwaya War. Akadachedwa zaka khumi zokha, mawu amenewo akadapita kumanda pamodzi ndi eni ake.

Ife a m'dera la fodya timaudziwa bwino mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Nkhani imene mwaimva ndi kuilemba lero ndiyo yanu, koma imene mukuti mudzafunsa mawa ikhoza kuuluzika. Ngati m'mudzi mwanu muli msilikali wopuma, kaya wa KAR, wa ku Nacala, wa pabwalo la ndege kapena wobwera kosungitsa mtendere ku Congo, pitani mukakhale naye pansi mwaulemu, kope ndi cholembera zili m'manja. Musayambe ndi kufunsa kuti adapha anthu angati, pakuti funso lotero limatseka pakamwa pa munthu. Yambani ndi zazing'ono: "Agogo, mudakwera chiyani pochoka kuno? Munkadya chiyani kukampu? Mnzanu wapamtima adali wochokera kuti?" Ngati mwiniwake adamwalira, funsani agogo aakazi amene adatsala akulima okha ndi kulera ana, chifukwa nawonso adasenza nkhondoyo. Lembani maina, zaka ndi malo, ndipo ngati m'sutikesi muli mendulo, chithunzi kapena kabuku kotulukira usilikali, uzani abale kuti asazitaye.

Nsanja ya ku Zomba ili kutali ndi Chamama, ndipo si onse amene adzaione ndi maso. Koma mbiri imene nsanjayo imaimira ili pafupi nafe: ili m'mapazi a ovina mganda, ili m'sutikesi ya agogo, ili m'macheza a anthu okalamba amene akuwerengetsera ndalama ya ulendo wa Novembala pansi pa chigafa. Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera, komatu amagonera pokhapokha pali wina amene adawamva ndi kuwasunga. Tsiku lidzafika pamene lipenga lidzalira popanda ndi mmodzi yemwe wa ku Burma woimirira pamzere. Tsiku limenelo, oyankha m'malo mwawo adzakhala inu amene mudakhala pansi ndi kumvetsera.